MAWAILESI A KANEMA ATSIKA MTENGO, KOMA WOGULA ACENJERE

Nyengo ya kukolola ikatha, alimi ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amapita ku masitolo ndi ndalama za cimanga kukagula wailesi ya kanema. Cinthu cimene kale cinali ca anthu a m'tauni okha, lero cafika kumidzi komwe, cifukwa mawailesi opyapyala a LED sadya magetsi ambiri, ndipo ena amagwira nchito ndi batire ya sola.

Kutsika kwa mtengo kuli ndi mbiri yake. M'caka ca 2007 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa wailesi yoyamba ya mtundu wa OLED. Galasi lake linali la mainci 11 cabe, koma ku America inagulidwa pa madola 2,500. Masiku ano ndalama zoteroko zigula ya mtundu womwewo ya mainci 55, n'kutsalanso cenji.

Cifukwa cake n'cakuti luso likakhala latsopano, magalasi ambiri amaonongeka popangidwa, ndipo wogula ndiye alipira kutayika kumeneko. Amisiri akazolowera, oonongeka acepa. Ndiponso mafakitale akulu-akulu, maka-maka a ku China, amadula magalasi ambiri pa cigalasi cimodzi cacikulu. Motero wothamangira catsopano alipira zambiri, pamene wodekha agula motsika.

Koma pali cina cofunika kudziwa. Dzina lolembedwa pa wailesi silinena nthawi zonse amene anaipanga. Mu 2016 kampani ya Sharp inagulidwa ndi Foxconn ya ku Taiwan. Mu 2017 Toshiba inavomera kugulitsa nchito yake ya mawailesi a kanema kwa Hisense ya ku China. Nayonso Samsung inaleka kupanga magalasi a LCD mu 2022, ndipo imawagula kwa ena. Izi sizitanthauza kuti katunduyo ndi woipa ai, koma kuti mbiri yakale ya dzina payokha si umboni wa kulimba.

Ngakhale luso lenileni litha kutha. Mawailesi a plasma anachuka kwambiri, koma mu 2014 Panasonic, Samsung ndi LG analeka kuwapanga. Wogula wailesi yotere kwa mnzake angavutike kupeza zitsulo zake ikafa.

Cotero mlimi asanatulutse ndalama, ayenera kupempha kuti wailesiyo iyatsidwe m'sitolo momwemo, aone ngati galasi lilibe madontho kapena mizere. Atenge lisiti ndi pepala la galanti lonena miyezi imene sitolo idzaikonza mwaulere. Afunsenso kumene kuli wokonza wapafupi, ndiponso ngati sola yake ingathe kuiyendetsa, pakuti galasi likasweka, mtengo wa lina umayandikira wa wailesi yatsopano.

Akulu-akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za cimanga zibwera kamodzi pa caka, ndipo siziyenera kutayidwa cifukwa ca kuwala kwa dzina.