Uranium ali ku Karonga, chigayo chili chete ku Domasi

Chiyambireninso ntchito pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga mu 2025, nkhani ya uranium yabwerera pakamwa pa anthu, mpaka kuno m'chigwa cha Domasi ku Zomba. Mgodiwu unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mtengo utagwa potsatira ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu 2011. Lero mtengowo unadzukanso chifukwa mayiko ambiri akubwerera ku magetsi a nyukiliya, amene satulutsa utsi wotenthetsa dziko. Pa msonkhano wa zanyengo ku Dubai mu 2023, mayiko oposa 20 analonjeza kuchulukitsa katatu magetsi amtunduwu pofika 2050. Ku Domasi anthu sakamba zonsezo. Iwo akungofunsa kuti ngati mwala woyatsa magetsi ukukumbidwa m'dziko mwathu momwe muno, nanga ife tikugoneranji mumdima?

Amene funsoli lamukhala pamtima kwambiri ndi bambo wina wa chigayo chapafupi ndi msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono, ndipo ufa unamulowerera mpaka m'nsidze moti sungasiyanitse ndi imvi. Chala chake chimodzi cha kumanja n'chopindika. Lamba wa makina anachikoka ali mnyamata, akugwira ganyu pa chigayo cha eni. Lero ali ndi makina akeake atatu, okonola, ogaya ndi opunthira mpunga umene alimi amabwera nawo panjinga kuchokera ku madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Makinawo amawapukuta ndi kansanza m'mawa uliwonse, kaya magetsi alipo kaya palibe.

Tsiku limene tinamupeza magetsi anali atathima chim'mawa. Zidebe ndi matumba zinali zitandanda kuchokera pakhomo mpaka pansi pa mtengo wa mango, chilichonse ndi chizindikiro cha mwiniwake: china chomanga ndi chitenje, china chotsindira mwala, china chozika chitsononkho. Eni ake ena anali atabwerera kumudzi kukaphikira ana, ena atagona pamthunzi. Iye anakhala pa tayala lakale moyang'anizana ndi babu limene amalisiya choyatsa pamwamba pa chitseko kuti likangowala adumphire ku switchi. Sapita kutali. Nsima amachita kumubweretsera pomwepo. Magetsi akabwera pakati pa usiku amadzuka, n'kugaya yekha ndi tochi pamphumi mpaka tambala woyamba, ndipo m'mawa amayi amapeza ufa wawo uli m'zidebe, aliyense mwake, osasakaniza mgaiwa ndi woyera. Mu 2022 anagulapo injini ya dizilo, koma mafuta anadya phindu lonse, nthawi zina osapezeka n'komwe, mpaka anaigulitsa. Kuyambira chaka chimenecho amalemba m'kope la ana asukulu maola onse amene chigayo chakhala chete. Akuti salembera munthu, amangofuna kudziwa pamene ndalama yake ikuthawira.

Za uranium anazimva kwa mlamu wake amene anagwirapo ntchito ku Kayelekera mgodi usanaime. Mlamuyo ankafotokoza za ufa wachikasu wotsekeredwa m'migolo, umene malole ankadutsa nawo ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Chimamuwawa bamboyu n'chakuti migoloyo inkakayatsa mizinda ya kutsidya kwa nyanja pamene iye akudikira babu.

Masana amenewo pamzere panalinso mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, atabwera ndi mpunga wake, ndipo mkangano wawo unasonkhanitsa anthu. “Aphunzitsi, mwala ndi wathu, nyanja yoziziritsira makina tili nayo. Chatsala n'chiyani?” anafunsa wachigayo. Mphunzitsi anayankha mofatsa: “Achimwene, chimene chimachoka ku Karonga chili ngati chimanga chosakonola. Chigayo chake kuno kulibe.”

Mphunzitsiyo akunena zoona. Mu uranium wokumbidwa pansi, gawo limene limapereka moto silifika ngakhale 1 pa 100, pamene makina ambiri opangira magetsi amafuna 3 mpaka 5 pa 100. Kuyenga uranium kuti afike pamenepo kumachitika m'mayiko owerengeka monga Russia, France, China ndi America, ndipo kumayang'aniridwa kwambiri poti njira yomweyo ikhoza kupangira mabomba. Tikanamanga malo a nyukiliya lero, mafuta ake tikanagulabe kunja ndi ndalama zakunja, ngakhale uranium wake atachokera ku Kayelekera.

Kukula kwa makinawo ndi kumene anakanganirana nthawi yaitali. Mu Africa monse, malo amene akupanga magetsi a nyukiliya ndi Koeberg yekha, pafupi ndi Cape Town, amene anayamba mu 1984. Ali ndi makina awiri, alionse opereka ma megawati oposa 900. Egypt ikumanga anayi ku El Dabaa, alionse a ma megawati 1,200. Magetsi onse amene Malawi amapanga, kuphatikiza a pa Shire ndi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti, safika pa makina amodzi a ku Koeberg. Mphunzitsi anati makina otere akaima tsiku limodzi, dziko lonse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje likhoza kuthima nthawi imodzi, poti palibe china chotha kunyamula katunduyo. Wachigayo sanagonje. Anati anamva pawailesi za makina ang'onoang'ono a nyukiliya amene amapangidwa kufakitale n'kungobwera kudzaikidwa. Alipodi, koma amene akugwira ntchito ndi ochepa, ku Russia ndi ku China, ndipo mtengo wake weniweni sunakhazikike. Dziko losauka likagula zinthu zimene olemera akuyesa kumene, likhoza kulipira maphunziro a ena.

Komabe sibwino kumuona bamboyu ngati munthu wosamva. Iye akudziwa chimene chinatontholetsa chigayo chake. Malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Mu 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika, Shire anachepa mphamvu ndipo magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 n'kutayika mpaka 2023. Mvula ikachepa, mdima, ikachuluka, mdimanso. Munthu wofuna magetsi osadalira mitambo akufuna chinthu chanzeru, ndipo pa mfundo imeneyi nyukiliya ilidi ndi mphamvu: makina ake amayenda usana ndi usiku kwa chaka chathunthu kapena kuposera asanawonjezeredwe mafuta.

Pa anthu amene anali pansi pa mango paja, palibe anatchula Chernobyl, kumene ngozi ya mu 1986 inasamutsa mzinda wonse. Mantha awo anali a pafupi. Mayi wina wachikulire, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anati kwawo thiransifoma inapsa akuba ataikhetsa mafuta, ndipo inatenga miyezi isanabwezeretsedwe. Anafunsa kuti ngati kabokosi ka pamtengo kakutikanika kulondera, zinyalala za poizoni zimene amati zimakhala zoopsa kwa zaka masauzande adzazisunga ndani? Mphunzitsi sanayankhe, wachigayonso anangopukusa mutu. Funso lomweli linamvekapo ku Karonga mgodi utaima, pamene anthu ankadandaula za madzi a pamgodi opita mu mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru n'kukafika m'nyanja. Dziko lili ndi lamulo loona za mphamvu ya atomu kuyambira 2011, koma pa onse amene tinacheza nawo ku Songani palibe anaonapo munthu atabwera kudzawafotokozera zimene limanena. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani. Anthu a ku Domasi sadana ndi nyukiliya, ndipo sakuivomereza mwachimbulimbuli. Akufuna kuona kaye manja amene adzaigwire, ndipo ali ndi ufulu wofunsa asanauzidwe kuti zonse zakonzedwa kale.

Mawu oti magetsi aukhondo alinso ndi tanthauzo looneka ndi maso m'chigwa muno. Ukayang'ana phiri la Malosa, kumene mitsinje ya kuno imachokera, umaona zipala pamene panali nkhalango. M'mamawa njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimatsikira ku msewu, ndipo ogula ambiri ndi a m'tauni amene ali ndi magetsi m'nyumba koma sawadalira pophika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi a pa waya. Ngakhale magetsi atachuluka bwanji, kuchokera ku uranium kapena ku chingwe cha magetsi chochokera ku Tete, mudzi umene mapolo sanafike udzaphikirabe nkhuni.

Alimi a mpunga a kumunsi kwa Domasi ali ndi dandaulo lawo limene silimveka pawailesi. Zigayo zikaima masiku angapo m'nyengo yokolola magetsi atathima, ambiri amatopa kudikira n'kugulitsa mpunga wosapuntha kwa mavenda pamtengo wotsika, poti fizi ya ana siidikira. Mavendawo amaunyamula pa malole kukapunthitsa ku Limbe, ndipo madeya ake, amene kuno akanadyetsa nkhuku ndi nsomba za m'madamu, amatsalira komweko.