Tiwatengere Ana Athu Kunkhalango

Ana athu ambiri amaphunzira za nkhalango ali m'kalasi, m'Chipwitikizi, ndipo mayeso amakhoza. Koma mukawaimika patsinde pa mtengo ndi kuwafunsa dzina lake ndi ntchito yake, ambiri amangoweramitsa mutu. Pomwepo mapiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga akunka nayera chifukwa cha makala, nkhuni ndi mitengo yomangira zigafa za fodya. Mwana amene sadziwa mtengo sangaumvere chisoni ukamagwa.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, yolima ndi yosunga. Yoyambayo taigwira ndi mphamvu, koma yachiwiriyo taitaya. Pa ulamuliro wa Pulezidenti Armando Guebuza, kuyambira 2005 kufikira 2015, boma linalimbikitsa kuti wophunzira aliyense abzale mtengo, ndi kuti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Kubzala n'kwabwino, komatu kusunga kumafuna nzeru, ndipo nzeru imeneyi imaphunziridwa bwino munthu ataima m'nkhalango momwemo.

Tsono tikupempha aphunzitsi a Sande Sukulu ndi atsogoleri a achinyamata kuti atenge ana Loweruka lina, atapempha chilolezo kwa amfumu, apite nawo kutchire lapafupi. Asaiwale kutengako agogo amodzi odziwa mitengo ndi mayina ake.

Kumeneko anawo athire ndowa ya madzi pa nthaka yoyera, ina aithire pansi pa mtengo pamene pali masamba ofota. Adzaona okha madzi ena akuthamanga ndi dothi, ena akulowa pansi mwakachetechete kukadyetsa zitsime. Akatero sadzafunsanso chifukwa chake mitsinje yathu ikuphwa msanga.

Aonetseni chitsa cha mombo. Mtengo umenewu ukadulidwa, mizu imakhalabe yamoyo ndipo imatulutsa mphukira. Tikasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuziteteza ku mbuzi ndi moto, nkhalango imabwerera popanda kugula mbande. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwaa, ndiwo umapha mphukirazi. Wa mu Meyi kapena Juni umangodutsa mofatsa.

Afotokozereninso kuti bowa wa manyame ndi ndelema amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku, kotero kuti wodula mitengoyi wataya ndiwo za m'dzinja. Aone msangu umene umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kusiyira chimanga dzuwa ndi chonde. Aone mlombwa, umene umatenga zaka makumimakumi usanapereke thabwa la chitseko cha tchalitchi, ndipo amvetse kuti kusenda khungwa kuzungulira thunthu pofuna mng'oma wa njuchi n'kupha mtengo wonse.

Sitikuti anthu aleke kudula mitengo, pakuti nsima siipsa popanda moto. Tikuti aphunzire kudula mosankha ndi kusiyira mawa. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Bwalo la akulu a mpingo uliwonse likambirane nkhaniyi, lisankhe tsiku mvula isanathe pamene bowa akali kumera, ndipo ulendowo uyambe ndi pemphero loyamika Mlengi. Ambuye atithandize kukhala adindo okhulupirika a dziko lake.