Pamene Ofufuza ndi Alangizi a Zaumoyo Agwirira Ntchito Limodzi

Ntchito yoteteza anthu kumatenda obwera kudzera m'madzi, m'zakudya, mumpweya ndi m'zinyalala ili m'manja mwa magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ogwira ntchito m'boma: akuluakulu oona zaukhondo ku Unduna wa Zaumoyo ndi m'makhonsolo, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo m'midzi. Gulu lachiwiri ndi la ochita kafukufuku m'sukulu zaukachenjede ndi m'mabungwe ofufuza zamatenda. Onsewa amalimbana ndi mdani mmodzi, koma akapanda kulumikizana zotsatira za kafukufuku zimathera m'mabuku, boma n'kumagwira ntchito mongoganizira.

Gulu lililonse lili ndi chomwe linzake lilibe. Mlangizi wa zaumoyo amadziwa mjigo womwe wafa, mudzi womwe zimbudzi zidagwa ndi mvula, ndi msika womwe zakudya zimagulitsidwa pafupi ndi dzala. Mkulu woona zaukhondo m'boma ali ndi mphamvu yamalamulo yotseka malo odyera kapena kuletsa chitsime. Chomwe amasowa kawirikawiri ndi labotale yokwanira, ndalama zoyendera komanso nthawi yosanthula ziwerengero zomwe amatolera mwezi ndi mwezi. Wofufuza ali ndi zipangizo zoyezera, luso losanthula ziwerengero ndi anzake akunja othandiza ndi ndalama, koma sangalowe m'mudzi popanda womudziwitsa kwa mfumu, ndipo alibe mphamvu yosintha ndondomeko ya dziko.

Ku Malawi ubale wa magulu awiriwa uli ndi poyambira pabwino, chifukwa ambiri mwa akuluakulu oona zaukhondo m'boma adaphunzira ku Polytechnic ku Blantyre, sukulu yomwe kuyambira 2021 imatchedwa MUBAS. Pasukulupo pali likulu lofufuza zamadzi ndi ukhondo lotchedwa WASHTED, lomwe lagwira ntchito nthawi yaitali ndi yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland komanso ofesi ya zaumoyo ya boma la Chikwawa. Imodzi mwa ntchito zawo ndi ya Banja la Ukhondo, yomwe cholinga chake chidali kuchepetsa matenda otsegula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu. Ofufuza adayamba n'kuona zomwe zimachitika pakhomo: momwe phala la mwana limasungidwira, komwe mbale zimayanikidwa, komwe chimbudzi cha mwana chimatayidwa ndi momwe ziweto zimafikira pachakudya. Uthenga womwe udatuluka pamenepo udaperekedwa m'magulu a amayi mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, anthu omwe amatsala m'deralo ngakhale kafukufuku atatha.

Nkhani ya tayifodi mumzinda wa Blantyre ikuonetsa kutalika kwa ulendo wochokera kulabotale kufika pandondomeko ya boma. Kuyambira cha m'ma 2011, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, omwe amayeza magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth, adaona kuti odwala tayifodi akuchuluka ndipo kachilombo kake sikakumva mankhwala omwe adazolowereka. Atatsatira komwe odwalawo ankachokera, adapeza kuti kuphikira ndi kutsukira ziwiya madzi a mumtsinje kunkaonjezera chiopsezo. Mu 2018 adayamba kuyesa katemera watsopano pa ana opitirira 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo zotsatira zidaonetsa kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Mu Meyi 2023 Unduna wa Zaumoyo udayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo ambiri mwa obaya katemerayo adali alangizi a zaumoyo. Ofufuza adayambanso kuyeza madzi a m'mitsinje ndi m'mipope ya zonyansa mumzindawu, njira yomwe imaonetsa komwe kachilombo kakuyenda ngakhale odwala asanafike kuchipatala. Njira yomweyi idagwiritsidwa ntchito posaka poliyo, boma litalengeza mu Febuluwale 2022 kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi matendawa.

Kafukufuku amathandizanso boma ngakhale atapeza kuti chinthu sichikugwira ntchito. Ambiri ankakhulupirira kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa zingachepetse chibayo mwa ana. Ofufuza a ku Liverpool ndi anzawo a ku Malawi adayesa mbaula zotere m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana opitirira 10,000. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2016 zidaonetsa kuti chibayo sichidachepe. Mwana amapumabe utsi wa zinyalala zowotchedwa, wa moto wa oyandikana nawo ndi wa nyali, choncho mbaula payokha siikwanira. Kwa woyendetsa chuma cha zaumoyo, yankho lotere ndi lamtengo wapatali, chifukwa limateteza ndalama zochepa zomwe zilipo kuti zisathere pa njira imodzi yosakwanira.

Mgwirizanowu uli ndi zopinga zake. Choyamba ndi nthawi. Kolera itabuka ku Machinga mu Malichi 2022, idafalikira m'maboma onse, kudwalitsa anthu opitirira 58,000 ndi kupha opitirira 1,700. Pamliri wotere woona zaukhondo amafuna kudziwa lero lomwe chitsime choyenera kuthiridwa kolorini, pomwe wofufuza amafunika miyezi kuti apeze chilolezo, ndalama ndi zotsatira zotsimikizika. Chopinga chachiwiri ndi cha yemwe amasankha funso. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, motero mutu wake ukhoza kukhala womwe opereka ndalama akonda, osati womwe ukusowetsa tulo ofesi ya zaumoyo paboma. Chachitatu ndi ziwerengero: boma limaopa kuti zomwe lapereka zifalitsidwa lisanadziwe, pomwe ofufuza amadandaula kuti makaundula ena ndi osakwanira. Chachinayi ndi ulemu. Alangizi a zaumoyo amatolera madzi oyesa, amasonkhanitsa anthu ndi kudzaza mafomu, koma nthawi zina maina awo saonekera paliponse ndipo samva n'komwe zomwe zidapezeka.

Njira zochotsera zopingazi n'zodziwika. Funso la kafukufuku liyenera kukonzedwa limodzi kuyambira pachiyambi, ofesi ya zaumoyo ya boma ili pomwepo, osati kuitanidwa patsiku lotsekera. Mgwirizano ulembedwe papepala, wonena mwini ziwerengero, yemwe angazione, ndi nthawi yomwe zingatulutsidwe. Chilolezo cha makomiti oona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, monga NHSRC ya ku unduna ndi COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences, chipezeke ntchito isanayambe, ndipo mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi afotokozeredwe m'chilankhulo chawo. Ogwira ntchito m'boma omwe athandiza poganiza ndi posanthula alembedwe pakati pa eni kafukufukuyo, ndipo apatsidwe mwayi wa maphunziro apamwamba. Zotsatira zibwezedwe paboma ndi kumudzi mwachidule, m'mawu osavuta, zisanatumizidwe kumagazini a sayansi a kunja. Public Health Institute of Malawi, nthambi ya unduna yotsatira miliri ndi kafukufuku, ndi malo oyenera kukumanirapo mbali zonse.

Chomaliza ndi ndalama. Ntchito yoyeza madzi kapena yoyendera mabanja ikadalira thandizo la zaka zitatu, imatha thandizolo likatha, zipangizo n'kuchita dzimbiri. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe adagwetsa zimbudzi ndi kuononga zitsime m'chigawo chakummwera, adaonetsa kuti mavuto a madzi ndi ukhondo azibwerabe. Khonsolo iliyonse ndi sukulu iliyonse yaukachenjede ikuyenera kuika mgwirizanowu mubajeti yake ndi kuumanga nthawi yamtendere, chifukwa mliri ukabuka sipakhalanso mpata woyamba kudziwana.