Ulendo wa azakhali wa ku Mvano

Mnzanga anandifunsa chifukwa chake amayi ambiri a Mvano amaoneka amphamvu kuposa ife ongokhala pampando tsiku lonse. Kale ndikanayankha msanga kuti ndi pemphero basi. Nthawi inanso ndinkaganiza kuti za kutchalitchi sizikhudza thupi n'komwe. Ndinamvetsa tsiku limene ndinaperekeza azakhali anga.

Tinayenda wapansi pafupifupi ola lathunthu, ndipo titafika anaimba ndi kuvina mpaka thukuta kamukamu. Mtima ndi mnofu, ndipo uli ngati njinga: ukaiimika pakhonde miyezi ingapo, tcheni chimachita dzimbiri. Kuyenda kotere kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga, tulonso timabwera bwino.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri n'china. Atatuluka, anakhala pansi pa mtengo n'kuwafotokozera anzawo za mwana wawo amene akudwala. Nkhawa ili ngati mtolo wa nkhuni: ukapeza wokutula, khosi limapuma. Pemphero lawo lamadzulo limawakhazikanso mtima pansi chimodzimodzi.

Mapiritsi a BP amamwabe m'mawa uliwonse, ndipo munthu wowauza kuti asiye chifukwa apemphereredwa ndingakangane naye.