Zolakwika pa Ndalama za Paukalamba ku America: Amazikonza Bwanji?

Ku United States anthu ogwira ntchito amapereka okha malipoti a msonkho ku bungwe la IRS chaka chilichonse pofika pa 15 Epulo. Ambiri, kuphatikizapo Amalawi okhala kumeneko, amadalira akatswiri odzazira anthu mafomu a msonkho. Akatswiriwa ndi amene amayamba kuona kuti pa akaunti yosungira ndalama za paukalamba, monga IRA kapena 401(k), china chake sichili bwino.

Boma limapeputsa msonkho pa ndalama zosungidwa m'maakauntiwa, n'chifukwa chake limaikanso malire. Mu 2024 munthu sankayenera kuika ndalama zoposa madola 7,000 mu IRA, kapena 8,000 ngati wakwanitsa zaka 50. Wopyola malirewo amalipira chindapusa cha 6 peresenti ya zowonjezerazo, chaka ndi chaka, mpaka vutolo litakonzedwa. Katswiri wodziwa ntchito amayamba wauza kasitomala kuti apemphe kampani yosunga akauntiyo ichotse zowonjezerazo pamodzi ndi phindu lake tsiku lomaliza lisanakwane, lomwe nthawi zambiri limafika pa 15 Okutobala. Zikatero, chindapusa palibe.

Nkhani yomvetsa chisoni ndi ya okalamba. Kuyambira 2023, wakwanitsa zaka 73 ayenera kutapa gawo la ndalama zake chaka chilichonse kuti boma lidulepo msonkho. Ena amaiwala chifukwa cha matenda, ena ndi amasiye oti malemu ndiwo ankayendetsa zonse. Kale chindapusa chinali theka la ndalama zosatapidwazo. Lamulo la SECURE 2.0 la 2022 linachitsitsa kufika pa 25 peresenti, kapena 10 ngati munthu wakonza msanga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti IRS ikhoza kukhululuka chindapusa chonse. Munthu atape kaye ndalamazo, kenako katswiri adzaze fomu 5329 ndi kulemba kalata yofotokoza chimene chinachitika. Kalatayo inene zoona mwachidule: anagonekedwa m'chipatala liti, vutolo analizindikira liti, analikonza liti.

Palinso msampha wa osintha ntchito. Tiyerekeze kuti wina ali ndi madola 10,000 mu 401(k) ndipo wapempha cheke m'dzina lake. Kampani imadula 20 peresenti n'kutumiza ku IRS, iye n'kulandira 8,000. Kuti asalipire msonkho ayenera kuika 10,000 yonse mu IRA pasanathe masiku 60, ndiye kuti 2,000 ayambe watulutsa m'thumba. Akalephera, yotsalayo imawerengedwa ngati malipiro, ndipo ngati sanakwanitse zaka 59 ndi theka pamabweranso chindapusa cha 10 peresenti. Akanangouza kampani ya 401(k) ndi ya IRA kuti atumizirane okha ndalamazo, zonsezi sizikanachitika.

Malamulo a ntchito otchedwa Circular 230 amalamula katswiri kuti akaona cholakwika auze kasitomala mwamsanga, amuuzenso zotsatira zake. Kusankha kukonza ndi kwa mwini wake.

Kukonza kukatha, kumatsala kudikira, ndipo apa m'pamene ine ndimaona kuti zinthu sizilingana. Kuti katswiri alankhule ndi IRS m'malo mwa munthu pamafunika fomu 2848, nayonso imatenga nthawi kuti ilowe m'kompyuta. Lipoti lokonzedwa, la pa fomu 1040-X, likhoza kutenga milungu 16, ndipo mu 2021 ndi 2022, mliri wa Covid-19 utasokoneza ntchito, mapepala mamiliyoni anaunjikana osawerengedwa. Komatu kompyuta yoyerekezera malipoti siima. Ikaona fomu 1099-R yosonyeza kuti munthu anatapa ndalama zimene sizikuoneka pa lipoti lake, imatulutsa kalata ya CP2000 yofuna yankho m'masiku 30. Nkhani ikapanda kutha, pamabwera kalata ina yopereka masiku 90 okadandaula kukhoti la zamisonkho, ndipo IRS ilibe mphamvu yowonjezera masikuwo. Munthu akhoza kutaya ufulu wakewo yankho lake lili pamulu wa makalata osatsegulidwa.

N'chifukwa chake akatswiri osamala amatumiza zonse ndi makalata olembetsa kupositi, amasunga malisiti, ndipo amakadandaula kukhoti ngakhale akukhulupirira kuti IRS idzavomereza. Kuchedwa kukafika pomuika munthu pamavuto, monga kulephera kulipira lendi, amadzaza fomu 911 kupempha ofesi ya Taxpayer Advocate Service, yomwe ili mkati mwa IRS koma imaimira olipira msonkho, kuti ilowererepo. Ndalama za msonkho zoyenera kubwezedwa kwa munthu zikachedwa kupitirira masiku 45, IRS imalipirapo chiwongoladzanja. Kwa kasitomala ntchito ndi iyi: kalata iliyonse yochokera ku IRS aipereke kwa katswiri tsiku lomwe yafika, chifukwa masiku amayamba kuwerengedwa kuchokera pa deti lolembedwa pakalatayo.