VENEZIA: MZINDA UMENE MISEWU YAKE NDI MADZI

Ku dziko la Italia kuli mzinda wochedwa Venezia, umene pa Cipwitikizi amati Veneza. M'kati mwa mzindawu mulibe galimoto. Wofuna kupita ku msika kapena ku cipatala amayenda pansi, apo ayi amakwera bwato. Tiyeni tione m'mene zinakhalira.

Zaka pafupifupi 1,500 zapitazo anthu othawa nkhondo anakabisala pa tizilumba ta matope m'dziwe lalikulu la madzi a mcere, pafupi ndi nyanja ya Adriatico. Nanga nyumba ya miyala ingaime bwanji pa matope? Anakhoma mitengo yambirimbiri mothithikana, nayala matabwa ndi miyala pamwamba pake, n'kumangapo nyumba. Mitengoyo siinaole cifukwa m'matope a pansi pa madzi simulowa mpweya. Lero zilumba zoposa 100 n'zolumikizidwa ndi milatho yoposa 400, ndipo pakati pake pamadutsa ngalande.

Ngalande yaikulu ndi Canal Grande, yotalika pafupifupi makilomita 4. Iri ndi milatho inayi. Wakale koposa ndi Rialto, umene anautsiriza mu 1591. Bwato lochuka la kumeneko ndi gondola: lakuda, lowonda, lotalika mamita 11. Wopalasa amaimirira kumbuyo ndi nkhafi imodzi yokha, napalasa mbali imodzi. Tingayembekeze kuti bwatolo lizingozungulira, koma ayi ndithu: amisiri amalipanga lopindika pang'ono kuti liziyenda molunjika. Masiku ano gondola amakwera makamaka alendo. Eni mudzi amakwera vaporetto, bwato la injini loima m'masiteshoni ngati basi. Zinyalala, odwala ndi maliro omwe, zonse zimayenda pa madzi.

Koma madzi amene anachinjiriza othawa nkhondo aja ndiwo akuopseza zidzukulu zawo. Pa 4 Novembala 1966 madzi anakwera masentimita 194, ndipo pa 12 Novembala 2019 anafika 187, nalowa m'nyumba ndi m'masitolo. Zifukwa zake n'zodziwika. Mafakitale a ku Marghera anapopa madzi a pansi pa nthaka kwa zaka zambiri, mzinda n'kutitimira. Nyanja nayo ikukwera pamene dziko likutentha. Mafunde a mabwato a injini akukukuta makoma a nyumba.

Pofuna kuteteza mzinda, boma linamanga zitseko 78 za citsulo pa makomo atatu a dziwe lija. Zimagona pansi pa madzi, ndipo nyanja ikakwera amazidzutsa. Zinaletsa cigumula koyamba mu Okutobala 2020. Komabe eni mudzi akucoka, pakuti nyumba zakwera mtengo cifukwa ca alendo. Mu 1951 m'kati mwa mzinda munali anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 anatsala osakwana 50,000. Zitseko zingaletse madzi, koma funso limene latsala n'lakuti: ndani adzakhalamo?