MWANA WAULUMALI ASATSALE M'NYUMBA: MABUKU NDI MALO OTHANDIZA MAKOLO

Mvula ikagwa, akulu onse m'mudzi amalawirira kumunda ndi makasu, ndipo ana amapita ku sukulu. Koma m'nyumba zina mumatsala mwana pa mphasa, chitseko chili chotseka. Mwina sayenda, mwina samva, mwina saona, mwina amagwa khunyu. Mai wake amamsiyira phala m'mbale, nabwerako dzuwa lili paliwombo. Sikuti makolowo ndi ouma mtima iai. Munda sudikira munthu, ndipo palibe amene anawauza chimene angachite naye mwanayo.

Ana otere ndi ambiri. Pa kalembera wa chaka cha 2018 kunapezeka kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 5 ndi kupitirira m'Malawi muno, anthu 10 ali ndi ulumali wina wake. Tsono inu makolo, musaganize kuti zagwera inu nokha. Nzeru zolerera ana otere zinalembedwa kale m'mabuku, ndipo malo owathandiza alipo. Lero tikuuzani mabukuwo ndi malowo. Koma mau athu aakulu ndi akuti fulumirani. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi wobzala mochedwa amakolola zochepa, ndipo chithandizo cha mwana chiteronso.

BUKU LOYAMBA MULI NALO KALE

Buku loyamba ndilo kabuku ka kusikelo kamene munalandira mwana atabadwa. Ambiri amangokasunga m'jumbo kudenga, osadziwa zimene zalembedwamo. M'menemo muli mzere wa kulemera kwa mwana, katemera amene analandira, ndi matenda amene anadwalapo. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani.

Dziwaninso izi. Ana ambiri amakhala tsonga okha pofika miyezi 9, amayenda pofika miyezi 18, ndipo pofika zaka 2 amalumikiza mau awiri polankhula. Ngati wanu wachedwa kwambiri, musati tiona chaka chamawa. Kauzeni a ku chipatala. Muwauzenso ngati mwanayo sanalire msanga pobadwa, ngati anachita chikasu masiku oyamba, ngati anadwalapo malungo aakulu okomola, matenda oumitsa khosi, chikuku, kapena mafinya otuluka m'khutu. Izi ndizo zimene kawirikawiri zimasiya ulumali pa mwana, ndipo ana ena amangobadwa nao popanda wolakwa. Si ufiti, si tsempho, ndiponso si chifukwa chothamangitsira mai pa banja. Zonse zimene mwanena zilembedwe m'kabukumo, pakuti kabukuko ndiko kadzalankhulire mwana wanu ku chipatala chachikulu.

BUKU LA ZITHUNZI ZAMBIRI

Liliponso buku lalikulu lotchedwa Disabled Village Children, ndiko kuti ana aulumali a kumudzi. Analilemba David Werner, ndipo linatuluka m'chaka cha 1987. Mkuluyu anagwira ntchito zaka zambiri m'midzi ya m'mapiri ku Mexico, pakati pa alimi a chimanga monga ife, kutali ndi madokotala. Chifukwa chake nzeru za m'bukumo zimafuna zinthu zopezeka pakhomo.

Taonani zina za izo. Mukazika mitengo inayi ya mphanda ndi kusanjikapo nsungwi ziwiri zolimba, mwana wofooka miyendo amagwira uku ndi uku naphunzira kuponya mwendo. Mwana wosatha kukhala tsonga mungampangire kampando ka matabwa komuchirikiza kumsana ndi m'mbali, kuti adye ali tsonga ndi kuona anzake akusewera. Supuni mukaikulunga nsalu kapena mphira pogwirira, dzanja lofooka limaigwira bwino. Mwana wongogona ayenera kutembenuzidwa kawirikawiri kuti asatuluke zilonda, ndiponso manja ndi miyendo yake ziziongoledwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuti zisaume zili zopindika. Koma za kuongolazi muyambe mwaonetsedwa ndi a ku chipatala, kuopa kupweteka mwana.

Bungwe la Hesperian, limene linasindikiza bukuli, linatulutsanso ena awiri: Helping Children Who Are Blind, la ana osaona, m'chaka cha 2000, ndi Helping Children Who Are Deaf, la ana osamva, m'chaka cha 2004. Onse atatu amawerengedwa ulere pa intaneti, kotero mphunzitsi kapena mlangizi wokhala ndi foni yotha kutero angakuonetseni.

Wina adzati, "Nanga ife osadziwa Chingerezi titani?" Zithunzi zake zimamveka ngakhale kwa munthu amene sanapondeko ku sukulu. Ndiponso m'mudzi simulephera mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale. Sonkhanani makolo atatu kapena anayi pansi pa mtengo tsiku losapita kumunda, iye awerenge tsamba limodzi ndi kumasulira, inu mukayese kunyumba.

MWANA WOSAMVA

Imani kumbuyo kwa mwana osakuonani, muombe m'manja kapena mumuitane. Ngati sacheuka ngakhale mwayesa masiku angapo, mpititseni akamuyeze makutu. Mwana wosamva ali ndi nzeru monga anzake, chimene akusowa ndi chilankhulo. Chilankhulo chake ndi cha manja, ndipo m'chaka cha 2021 bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa buku lomasulira chilankhulo cha manja cha ku Malawi kuno. Musasiyire mwana yekha kuphunzira zimenezi. Bambo, mai, agogo ndi abale ake aphunzire nao, kuti mwanayo athe kunena pamene ali ndi njala, pamene wadwala, ndi pamene wina wamchita choipa.

Sukulu za ana osamva zilipo ku Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ku Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ku Mua m'boma la Dedza, ku Embangweni m'boma la Mzimba, ndi ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay.

MWANA WOSAONA

Mukaona kanthu koyera pakati pa diso la khanda, thamangirani ku chipatala, pakuti ng'ala ya ana imachotsedwa, koma ikachedwa diso silizoloweranso kuona. Ngati mwana saona ndithu, akhozabe kuwerenga ndi zala. Malembo ake ndi timadontho totukuka pa pepala, tosapitirira 6 pa lemba limodzi. Anawakonza ndi Louis Braille wa ku France m'chaka cha 1824, ali mnyamata wosaona wa zaka 15, ndipo malembowo amatchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Kuno kwathu amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje m'zaka za m'ma 1950. Pakhomo, mlekeni mwanayo akhudze lichero, mtondo ndi chimanga, mukumuuza maina ake, ndipo musasinthesinthe malo a katundu m'nyumba.

Ana achialubino nao saona patali. Kalembera yemwe uja anapeza anthu achialubino 134,636. Mwana wotere akhale kutsogolo m'kalasi, avale chipewa cha khonde ndi zovala zofunda mikono, ndipo mukafunse ku chipatala mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

Si mwana aliyense ayenera kupita ku sukulu yakutali. Aphunzitsi a ana aulumali amaphunzira ntchito yao ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo ena a iwo ali pa sukulu za pulaimale za m'maboma mwanu. Funsani mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi kuti akuuzeni kumene ali. Safunsa anadya phula.

MAPAZI OKHOTA NDI KHUNYU

Mwana wobadwa ndi mapazi okhotera m'kati amachira bwino akafika ku chipatala m'masabata oyamba. Amamuika pulasitala nasintha sabata iliyonse, kawirikawiri kwa masabata 5 kapena 6. Pambuyo pake amavala nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo usana ndi usiku kwa miyezi 3, kenaka pogona pokha kufikira zaka 4. Makolo amene amaleka nsapatozo pa njira amaona phazi likukhotanso. Ntchito imeneyi imachitika m'zipatala zambiri za m'maboma, ndiponso ku chipatala cha mafupa cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2002.

Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu la wodwalayo. Mwana akagwa, mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mumgoneke cham'mbali, ndipo musaike supuni kapena kamtengo m'kamwa mwake. Akapitirira mphindi 5 akuphupha, mtengereni ku chipatala. Mankhwala a khunyu alipo, koma amafuna kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Mwana wakhunyu asatsale yekha pa moto kapena pa chitsime.

KUMENE MUNGAKADANDAULE

Bungwe la Boma loona za anthu aulumali linayamba ndi lamulo la chaka cha 1971, ndipo ambiri amalidziwa ndi dzina la MACOHA. Lamulo latsopano la chaka cha 2024 linaika bungwe la MACODA m'malo mwake, ndipo lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Makolo a ana aulumali ali nalo bungwe lao lotchedwa PODCAM, kumene mungakumane ndi anzanu amene anayenda kale njira imene mukuyendayi. Kuti mudziwe amene ali pafupi ndi inu, pitani kwa a DC, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Potero musaiwale kunyamula kabuku ka kusikelo kaja.

MAU KWA MAFUMU NDI OWERENGA

Inu mafumu ndi anyakwawa, mumadziwa nyumba iliyonse ya m'mudzi mwanu. Mumadziwa kumene kuli mwana amene satuluka. Kacheze nao makolo ake mwaulemu, ndipo pa msonkhano wa mudzi mukonze kuti mabanja azisinthana kuyang'anira mwanayo nthawi ya kupalira, kuti asatsekeredwenso. Amisiri a matabwa athandize kampando, ndipo wokhala ndi njinga kapena ngolo athandize ulendo wa ku chipatala.

Inu makolo, sabata ino chitani zinthu zitatu. Tsitsani kabuku ka kusikelo mupite nako kwa mlangizi wa zaumoyo. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu. Ndipo mawa m'mawa muyale mphasa ya mwanayo pabwalo, pamthunzi, pamene anzake amasewera. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, musakulungire fodya pepala lino. Kawerengereni anansi anu amene akulifuna.